CHIKASU CHOYENDA NDI MANJA

Chaka china kumayambiriro kwa mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, ndinali pa msika wa Nsaru kuyendera malo ophera mbuzi pamene mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lina la Mfumu Yaikulu Kabudula anandipeza ali wefuwefu pa njinga yake. Tisanalonjerane bwino n'komwe anati, "Bwana, kumudzi kwina kwabuka mlandu wa chikasu, ndipo ine wandikulira. Amfumu ati mukafike anthu asanagwirane pakhosi."

Mlanduwo unali wotere. Mayi wina wa m'mudzimo anakwatiwa mumzinda wa Lilongwe, ndipo ana ake anabadwira ndi kukulira komweko, m'nyumba ya madzi a pampopi ndi chimbudzi cha madzi. Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti mayiyo anatumiza mwana wake wamwamuna wa zaka 15 kuti akaone kwawo, ndipo mnyamatayo anakhala milungu itatu kwa mayi ake aakulu. Anadya, anasewera, nabwerera kusukulu ali bwinobwino. Patapita pafupifupi mwezi anayamba kutentha thupi, kukana chakudya ndi kusanza. Mkodzo wake unada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo patapita masiku owerengeka maso ake anasanduka achikasu. Kuchipatala anamuyeza malungo koma sanawapeze. Atayeza magazi ananena kuti anali matenda otupitsa chiwindi a mtundu wotchedwa hepatitis A.

Dzina lachilendoli silinawakhutiritse abambo ake a mnyamatayo. Iwo anati, "Anthu onse a pakhomo paja amadya mumphika umodzi. Nanga bwanji wadwala mwana wanga yekha? Anamudyetsa chifukwa cha nsanje." Patapitanso mwezi wina mlongo wake wa mnyamatayo, wa zaka 12, amene kumudziko sanapondeko phazi, nayenso anachita chikasu. Apa mpamene uthenga waukali unatumizidwa kwa atsibweni, ndipo chala chinaloza mayi aakulu aja amene ankamuphikira mwanayo.

Funso la bambo uja linali lanzeru, ngakhale kuti yankho limene anadzipatsa linali lolakwa. Tikaliyankha bwino funsolo tidzakhala titamvetsa njira yonse imene matendawa amayendamo kuchokera kwa munthu kupita kwa mnzake.

Kachirombo kolowera pakamwa

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amadziwa chiwindi, ndipo amadziwanso kathumba ka ndulu kamene kamakhala pambali pake. Mwa munthu chiwindi chili kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Ntchito zake n'zambiri, koma imodzi imene tiyenera kuidziwa pano ndi iyi: magazi akale akamatha ntchito m'thupi amasiya utoto wachikasu, ndipo chiwindi ndicho chimachotsa utotowo ndi kuutsanulira m'matumbo pamodzi ndi ndulu. N'chifukwa chake chimbudzi cha munthu wabwino chimakhala ndi mtundu umene tonse tikuudziwa. Chiwindi chikatupa utoto uja umasowa potulukira. Umabwerera m'magazi, nuonekera m'maso, m'zikhato ndi mumkodzo, pamene chimbudzi chimatuwa ngati phulusa. Ichi ndicho timachitcha chikasu. Chikasu pachokha si matenda ayi, ndi chizindikiro chabe, monga utsi uli chizindikiro cha moto. Malungo aakulu amachititsa chikasu. Kachasu amachititsa chikasu. Tizirombo ta m'chiwindi nato tilipo ta mitundu isanu, imene madokotala anaipatsa malembo A, B, C, D ndi E.

Mitundu ya B, C ndi D imayenda m'magazi ndi m'madzi ena a m'thupi, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Mtundu wa A njira yake ndi ina, ndipo owerenga andikhululukire pakuti ndiitchula mosapsatira: kachiromboka kamatuluka m'manyi a munthu mmodzi ndi kulowa pakamwa pa munthu wina. Palibe njira yaulemu yonenera zimenezi, ndipo ndaona kuti tikamazinena mozungulira anthu amachoka pamsonkhano akuganiza kuti tikunena za anzawo.

Munthu akakameza kachiromboka, asidi wa m'mimba sakapha. Kamadutsa m'matumbo, kulowa m'magazi, ndi kukafika m'chiwindi, mmene kamaswana kwambiri. Kuchokera mmenemo kamatsika ndi ndulu kubwerera m'matumbo, ndi kutuluka m'chimbudzi tili tochuluka kosawerengeka. Ndi kakang'ono koti makina oonera majeremusi a malungo amene ali m'zipatala zathu sangakaonetse. Madokotala anadziwa kalekale kuti pali chikasu chopatsirana, makamaka pakati pa asilikali pa nthawi ya nkhondo, koma kachirombo kenikeniko kanaoneka koyamba m'chaka cha 1973 ku America, pamene akatswiri atatu, Stephen Feinstone, Albert Kapikian ndi Robert Purcell, anakapeza ndi makina amphamvu kwambiri. Ndipo anakapeza m'chimbudzi cha odwala, osati kwina.

Kachiromboka n'kouma mutu. Pa zala kamakhala kamoyo kwa maola angapo. Pa chiwiya, pansi kapena m'madzi kamatha milungu. Kuzizira kwa mufiriji sikukapha, kotero zakumwa zoumitsa za m'timapepala tapulasitiki zimene ana athu amagula pa chipata cha sukulu zimangokasunga bwino ngati madzi ake anali oipa. Ngakhale mankhwala opaka m'manja aja tinazolowera m'chaka cha 2020 pa nthawi ya Covid-19 sakagonjetsa mokwanira. Chimene chimakapha ndi moto, pakuti kutentha kopitirira madigiri 85 kwa mphindi imodzi kumakathetsa, ndiponso klorini wothiridwa pa muyezo wake. Chimene chimakachotsa m'manja ndi sopo ndi madzi othira.

Kuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo

Nditafika pamudzi paja ndinapempha amfumu kuti bwalo lidikire kaye mpaka ndione pakhomo pamene mnyamatayo ankakhala. Ndinawapeza mayi aakulu aja atakhala pakhonde, maso ali ofiira. Pakhomo pawo panali posesedwa bwino. Chimbudzi chinalipo, thandala linalipo, dzenje la zinyalala linalipo. Ndinene zoona, ndayendera makomo ambiri a anthu ophunzira amene sangafanane ndi khomo limenelo.

Iwo anati, "Bambo, mwana uja ndi wanga. Mayi ake ndinawabereka kumsana ine ndemwe. Ndingamudyetse chiyani? Komanso pano anachoka ali wamphamvu. Akanakhala kuti anadya choipa kuno, si bwenzi atadwalira konkuno?"

Ndinawayankha kuti pamenepo mpamene matendawa amatisocheretsa tonse. Kolera munthu akaimeza lero, mawa kapena mkuja wagwa, ndipo aliyense amakumbukira chitsime chimene anamwa. Hepatitis A siitero. Kuchokera tsiku limene munthu wameza kachiromboka kufikira tsiku loyamba kumva kudwala pamapita masiku 14 mpaka 28 nthawi zambiri, ndipo pena amakwana 50. Pofika tsiku limene maso achita chikasu, munthu waiwala kale maliro amene anakadyako nsima, ukwati umene anakamwako thobwa, ndi mwana amene anamunyamula. Choncho ife a zaumoyo tikamva za wodwala chikasu sitifunsa chimene anadya dzulo. Timatenga kalendala ndi kuwerenga milungu inayi chobwerera m'mbuyo. Titawerenga motero masiku a mnyamata uja, chala chinagwera pakati penipeni pa tchuthi chake cha kumudzi.

Chinthu chachiwiri chosocheretsa n'choopsa koposa. Wodwala amatulutsa tizirombo tochuluka kwambiri pa milungu iwiri chikasu chisanaoneke, pamene iye akuyenda, akuphika, akugulitsa malonda, osadziwa kanthu. Maso akamasanduka achikasu tizirombo timakhala titayamba kale kuchepa, ndipo pakatha mlungu umodzi chikasu chitaoneka anthu ambiri sapatsiranso anzawo. Ndiye kuti pamene tiyamba kumuthawa wodwala ndi kumupatulira mbale yake, mbala yapita kale ndi katundu. Umu ndi mmene mlongo uja anadwalira. Mchimwene wake atabwerera ku Lilongwe anali kugawana naye buledi, kumwera naye kapu imodzi, kugwira chitseko chimodzi cha kuchimbudzi, iye akuoneka wabwinobwino. Patapita mwezi mtsikanayo anagwa. Panalibe mankhwala amene anauluka usiku kuchokera kwa Kabudula kukamupeza. Anamupatsa ndi mchimwene wake yemwe, ndi manja.

Tsono ndinafunsa ngati panali wina amene anadwalapo pakhomopo m'mwezi wa Ogasiti. Mayiwo anakana. Ataganiza pang'ono anati, "Kupatula kamdzukulu aka. Kanatentha thupi masiku awiri, kanatsegulako m'mimba pang'ono ndi kukana phala. Tinati ndi mano." Kamwanako kanali ka zaka ziwiri, konenepa, kakuthamangitsa anapiye pabwalo. Ndinafunsa ngati mnyamata uja ankakanyamula. Onse anaseka. Anati sankakatula pansi, ankadya nako mbale imodzi, ndipo kankamuika tizala take m'kamwa.

Apa pagona chinsinsi chachikulu cha matendawa. Ana osakwana zaka 6 akatenga hepatitis A kawirikawiri saonetsa chizindikiro chilichonse chodetsa nkhawa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti mwa ana 10 otere, mmodzi yekha ndiye amachita chikasu. Koma mwa ana okulirapo ndi akuluakulu, oposa 7 mwa 10 alionse amachita chikasu ndipo amagona pamphasa milungu ingapo. Mwana wamng'ono uja, ngakhale akusewera, amatulutsa tizirombo m'chimbudzi chake, ndipo amatero kwa nthawi yaitali kuposa munthu wamkulu.

Nanga ife chimbudzi cha mwana timachiona bwanji? Kuyambira ku Namitete mpaka ku Nambuma ndamva mawu amodzimodzi: "Za mwana zilibe kanthu, amangoyamwa ndi kudya phala." Mayi amene sangayerekeze kugwira nsima atachokera kuchimbudzi osasamba m'manja, yemweyo amapukuta mwana ndi nsonga ya chitenje, nataya zonyansazo kuseri kwa nyumba kumene nkhuku zikupalasa, napitiriza kusenda tomato. Matewera amachapidwa m'beseni lomwe madzulo atsukiramo mbale, ndipo madzi ake amakhuthulidwa pabwalo pamene ana akukwawa. Kawirikawiri ntchito yolera imakhala m'manja mwa kamtsikana ka zaka 8 kapena 9, ndipo kamtsikana komweko ndiko kamatumidwa kukatunga madzi akumwa a alendo. Pakhomo pa mayi aja chimbudzi chinali cha akulu okha. Za kamdzukulu zinkakokoledwa ndi khasu ndi kuponyedwa kutsala la kuseri, ndipo pakhomo pa chimbudzi panalibe posambira m'manja.

Beseni limodzi, kapu imodzi

Pali mwambo wina umene ndakhala ndikulimbana nawo zaka zonse za ntchito yanga, ndipo sindinaugonjetse. Nsima ikapsa pamabwera beseni limodzi la madzi. Amayamba kusamba wamkulu, kenaka wotsatira, mpaka kamwana kotsiriza, kamene kamasamba m'madzi oti asanduka phala. Ulemu wake ndi wabwino, ndipo sindikuti mwana ayambe kusamba agogo ake akudikira. Koma taganizani: woyamba yekha ndiye wasamba. Ena onse achotsa litsiro lawo ndi kutenga la anzawo. Pa maliro ndi pa ziliza, pamene beseni limodzi limazungulira anthu makumi angapo, dzanja limodzi lokha lokhala ndi kachiromboka limakwanira kudetsa manja onse, ndipo nsima timadya ndi manja. Kukonza kwake sikulira ndalama. Wamng'ono agwire jagi kapena chikho, athirire wamkulu madzi m'manja, beseni likhale pansi lolandira madzi akuda okha. Ulemu uli pomwepo, ndipo mwina wachita kuonjezeka.

Chachiwiri ndi mtsuko wa madzi akumwa. Boma ndi mabungwe akumba mijigo yambiri m'madera athu ano, ndipo madzi a pamjigo wosamalidwa amatuluka abwino. Koma nthawi zambiri madzi amaipira panjira ndi m'nyumba. Mayi posenza ndowa zala zake zimaviika m'madzi. Pamwamba pa mtsuko pamakhala kapu imodzi, imene aliyense amatungira, namwera, naibwezera. Mwana wochokera kuseri amaviika kapuyo pamodzi ndi dzanja lonse mpaka m'chigongono. Madziwo amaonekabe oyera mbee, koma paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira za makapu awiri, ina ya chogwirira chachitali yotungira yokha, ina yomwera, kapena ndowa yovindikira ya kampopi kunsi.

Mvula ikagwa vuto limakula. Zimbudzi zosalimba zimagwa, anthu amabwerera kutchire ndi m'minda ya chimanga, ndipo madzi othamanga amakokolola zonse kupita nazo kudambo, kumene kuli zitsime zosatetezedwa ndi madimba a ndiwo zamasamba. Amene amamwa mumtsinje wa Namitete, wa Nambuma kapena wa Bua adziwe kuti akumwa pamodzi ndi midzi yonse ya kumtunda. Madzi otere awiritsidwe mpaka abwadamuke, kapena asefedwe ndi kuthiridwa klorini pa muyezo umene mlangizi wanena, ndipo adikire mphindi 30 asanamwedwe.

Za pamsika ndinene monga munthu amene ntchito yake ili pomwepo. Pa tsiku la msika ku Nsaru, ku Msundwe kapena ku Mpingu, chakudya chimene chimandidetsa nkhawa si chimene chili pamoto. Tchipisi chotuluka m'mafuta owira chilibe mlandu. Mlandu uli pa kabichi ndi tomato wosaphika amene amawazidwa pamwamba pake ndi dzanja lomwe lalandira ndalama. Mandasi ndi zitumbuwa zimachoka m'chiwaya zili zabwino, koma ogula asanu amazitembenuza ndi zala posankha lalikulu. Thobwa limaphikidwa bwino lomwe, koma likazizira limasungunulidwa ndi madzi osadziwika kumene achokera, ndipo makapu onse amatsukuluzidwa m'ndowa imodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mango akugwa okha amadyedwa osatsuka. Wophika mmodzi amene ali m'milungu iwiri ija ya chikasu chobisika angathe kudwalitsa anthu a midzi isanu, ndipo pofika nthawi imene iwo adwala palibe amene angakumbukire msika umenewo.

Kuti chakudya chingagwetse anthu ochuluka motani tinaonera ku Shanghai, m'dziko la China, m'chaka cha 1988. Kumeneko anthu pafupifupi 300,000 anadwala hepatitis A atadya tinyama ta m'zigoba ta m'nyanja tosapsa bwino, togwidwa m'madzi mmene munkathira zonyansa za anthu. Ife tinyama timeneto sitidya, koma njira yake ndi yomweyi ya padambo pathu.

Ndionjezepo mwachidule kuti matendawa amapatsirananso pakati pa anthu ogonana, makamaka pamene kamwa lifika kumalo otulukira chimbudzi. Koma sayenda ndi chifuwa kapena kuyetsemula, udzudzu suwanyamula, ndipo kukhala pa benchi limodzi m'tchalitchi ndi wodwala sikudwalitsa munthu.

Nanga bwanji anadwala mlendo yekha?

Tibwerere ku funso la bambo uja. Munthu akadwala hepatitis A kamodzi, thupi lake limapanga chitetezo cha moyo wonse, ndipo sadwalanso matendawa. Chitetezocho chimabwera ngakhale kwa mwana amene anangotentha thupi masiku awiri makolo ake n'kumati ndi mano. M'maiko mmene ukhondo wa madzi ndi zimbudzi ukadali wopelewera, WHO ikuti ana 9 mwa 10 alionse amakhala atakumana kale ndi kachiromboka asanakwanitse zaka 10. Ndiye kuti mayi aakulu aja, amuna awo, atsibweni ndi amfumu omwe, mwachionekere anadwala matendawa ali pamsana pa amayi awo, osadziwa. Kachirombo kanazungulira pakhomo ponse m'mwezi wa Ogasiti uja, koma zitseko zonse kanazipeza zotseka. Chotsegula chinali chimodzi chokha, cha mlendo amene anakulira pa madzi a pampopi ndipo anafika zaka 15 asanakumane nako.

Wina amene wamvetsera bwino adzafunsa kuti, ngati zili choncho, si kwabwino kodi kuti ana azidwaliratu akadali aang'ono? Funsoli anandifunsa mphunzitsi wina wopuma pa ntchito pabwalo lomwelo, ndipo sindinamudzudzule. N'zoona kuti dera likamatukuka pa ukhondo, ana ambiri amakula osakumana ndi kachiromboka, ndipo akadzakumana nako atakula amadwala kwambiri. Maiko ambiri aona zimenezi, ndipo ifenso tidzaziona mochulukira pamene mipopi ndi zimbudzi zabwino zikufika m'malo a malonda, pamene ana a m'tauni akupita kumudzi pa tchuthi, ndiponso pamene ana ochokera m'makomo osiyanasiyana akugona pamodzi m'sukulu zogonera komweko. Koma njira imene imabweretsa hepatitis A kwa khanda ndi yomweyo imene imabweretsa kolera, taifodi, kamwazi, poliyo ndi njoka za m'mimba. Palibe kholo limene lingatsegule khomo kuti mulowe mlendo mmodzi wofatsa pamodzi ndi achifwamba asanu. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba m'mwezi wa Malichi 2022 ndi kupitirira m'chaka cha 2023. Inagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, ndipo boma la Lilongwe linali limodzi mwa maboma amene anavutika koposa, mpaka sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023.

Katemera wa hepatitis A alipo, ndipo wakhala akugwiritsidwa ntchito m'maiko ena kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Amateteza bwino, ndipo amathandiza ngakhale munthu amene wakhudzana kale ndi wodwala ngati abayidwa milungu iwiri isanathe. Koma sali m'gulu la akatemera amene ana amalandira kusikelo m'dziko muno. Pano amayi ambiri amasokonezeka. Katemera wa matenda asanu amene khanda limabayidwa pa milungu 6, 10 ndi 14, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi m'chaka cha 2002, amateteza ku hepatitis B. Ku mtundu wa A sateteza. Mayi asaone chizindikiro m'buku la kusikelo n'kuganiza kuti mwana wake watetezedwa ku chikasu chamtundu uliwonse.

Wina akachita chikasu pakhomo

Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndi maso okha palibe amene angasiyanitse chikasu cha hepatitis A ndi cha malungo aakulu, cha hepatitis B kapena cha matenda ena a chiwindi, ndipo ena mwa amenewa sadikira. A ku Namitete ali ndi chipatala cha St Gabriel's, chimene chakhala chikutumikira anthu kuyambira 1959. A ku Nsaru ali ndi chipatala cha Kabudula, ndipo zipatala zazing'ono zili ponseponse. Zikavuta iwo amatumiza wodwala ku Kamuzu Central Hospital. Mayi woyembekezera akachita chikasu asagone n'komwe, pakuti pali mtundu wa E, umene umayenda njira yomweyi ya madzi ndi manja, ndipo kwa amayi apakati ndi woopsa kwambiri.

Hepatitis A ilibe mankhwala akeake. Makapisozi amene anthu amagula pamsika sachita kanthu pa kachiromboka. Thupi limadzichiritsa lokha pa milungu ingapo, pena miyezi, ndipo matendawa sakhazikika m'chiwindi monga amachitira a mtundu wa B. Ena amati achira, chikasu n'kubwereranso pang'ono, koma pambuyo pake chimatha. Chofunika ndi kupuma, kumwa madzi abwino ambiri, ndi kudya pang'onopang'ono chimene mtima walola. Nzimbe zimene agogo amapatsa wodwala chikasu sizichiritsa, koma sindilimbana nazo, pakuti zimapatsa mphamvu munthu amene akukana nsima. Zimene ndimalimbana nazo ndi mowa, panado womwa mwachisawawa, ndi mabotolo a zitsamba zosadziwika muyezo. Zonsezi zimakathera m'chiwindi, ndipo kuchisenzetsa katundu chili chotupa ndiko kumene kumasandutsa matenda ochira okha kukhala maliro. Imfa ndi zochepa koma zilipo: WHO inawerengera anthu 7,134 amene anafa ndi hepatitis A pa dziko lonse m'chaka cha 2016. Amene ali pa ngozi yaikulu ndi okalamba ndi amene chiwindi chawo n'chofooka kale. Wodwala akayamba kusokonezeka mutu, kugona kosadzuka bwino, kusanza kosalekeza kapena kutuluka magazi m'kamwa ndi m'mphuno, afulumire naye ngakhale pakati pa usiku.

Wodwala asaphikire anthu kapena kutunga madzi akumwa kufikira patatha mlungu umodzi chikasu chitaoneka. Lamuloli n'losavuta kulemba. Kuliuza mayi amene ana ake amadya chifukwa cha beseni la mandasi ndi chinthu china, ndipo ndikamatero sindigona bwino. Chimene ndaona kuti chimathandiza ndi kupempha mbale wake kuti agwirizire malondawo masiku amenewo, m'malo mongolanda beseni. Amayi ophika phala m'sukulu za mkombaphala ayenera kusamala koposa onse, pakuti iwo ali pakati pa ana aang'ono ambiri, ndipo tanena kale kuti ana otere amanyamula kachiromboka mwakachetechete.

Pabwalo la amfumu ndinafotokoza zonsezi monga ndazilembera pano, kalendala ili m'manja. Bambo wa ku Lilongwe uja analipo. Anamvetsera mpaka pamene ndinafika pa za mwana wake wamkazi, ndipo anafunsa kawiri kuti nditchulenso masikuwo. Atawerenga yekha pa zala anangoti zii, maso ali pansi. Atsibweni ndiwo anayankhula, nati, "Mfumu, ife tamva. Mlamu wathuyu anayankhula ndi mtima wa kholo, koma mlongo wanga wagona ndi njala milungu iwiri chifukwa cha mawu ake." Amfumu anagamula kuti bamboyo apereke nkhuku yopepesera, ndipo anapereka ndalama yake pomwepo. Mayi aakulu aja sananene zambiri. Anangondifunsa kuti, "Ndiye mukuti Bambo, ndi kamdzukulu kanga aka?" Ndinawauza kuti kamwanako kalibe mlandu, nakonso kanachita kulandira kwa wina, ndipo tsopano kali ndi chitetezo chimene msuweni wake wachipeza movutikira.

Tisanachoke, mlangizi ndi anyamata awiri anadula mitengo iwiri ya mphanda, napachika kagaloni pakhomo pa chimbudzi cha mayiwo, namangirira chingwe ndi kamtengo kopondapo. Mpondagiya unatha pa mphindi zosakwana 20. Sopo anamuboola pakati ndi kumupachika pa chingwe kuti mbuzi zisadye. Amfumu analamula kuti khomo lililonse likhale ndi wake mwezi usanathe, ndi kuti za ana zizitayidwa m'chimbudzi.

Ana awiri aja anachira, ndipo mnyamatayo anabwerera kusukulu atajomba milungu isanu. Ndinadutsanso pamudzipo mu Febuluwale, chimanga chili m'mapewa. Mipondagiya inalipo pa makomo ambiri, koma nditaiponda ina inangolira mphepo, mulibe madzi, ndipo zimbudzi ziwiri zinali zitagwa ndi mvula. Wa mayi aakulu aja unali wodzaza, ndipo pansi pake panamera udzu wobiriwira. Ndinalemba makomo otsalawo m'buku, ndipo ndinapangana ndi mlangizi kuti tidzabwerenso Lachinayi la mlungu wotsatira, tsiku limene kulibe msika.